Penshoni ya Msilikali Wopunduka—Ngongole Kapena Mphatso?

MU 1776, nkhondo yofuna ufulu ili mkati, atsogoleri a Amereka analonjeza theka la malipiro kwa asilikali amene akapundulidwa. Nkhondoyo inatha mu 1783. Komabe, lamulo lothandiza awo amene anangosauka linadza mu 1818, patapita zaka 35. Msilikali wamba amene anatumikira miyezi isanu ndi inayi, ndipo anali waumphaŵi, anayenera kulandira madola 8 pamwezi, pamene mkulu wa asilikali analandira madola 20.

Opempha anachuluka koposa mmene boma linaganizira. Chotero mu 1820 lamulo lina linafuna kuti aliyense aonekere kukhoti ndi ndandanda ya katundu wake yense, nalumbire kuti alidi wosauka. Tangolingalirani nkhalamba yotsimphina ikutchula miphika yake ndi mipando yake pamaso pa anansi! Ambiri anafafanizidwa pandandanda ya olandira.

Kodi penshoni yoteroyo inali ngongole kapena mphatso? Ngati inali mphatso, woperekayo anali ndi ufulu wa kufunsa ngati wolandirayo analidi wosoŵa, pakuti ndalamazo zinachokera m'misonkho ya anthu enanso ovutika, ndipo onyenga analipo. Koma ngati inali ngongole, funsolo linali losayenera. Palibe amene amafunsa waganyu kuti ali ndi mbuzi zingati asanampatse malipiro ake. Ndipo mwendo umene unatsala kunkhondo sungagulidwenso ndi madola 8.

Akristu oona saphunzira nkhondo, ndipo saloŵerera m'mikangano ya maboma ponena za ndalama. Ngakhale ndi tero, nkhaniyi imatikhudza, pakuti m'mipingo yathu muli okalamba amene anapundulidwa m'nkhondo asanadziŵe choonadi, ndipo enafe ndife tiyenera kulingalira mmene tingawathandizire. Chilamulo cha Mose chimasonyeza lingaliro la Mulungu. Malipiro a wolembedwa ntchito sanayenera kugona m'nyumba ya womlembayo kufikira mmaŵa. (Levitiko 19:13) Ndiponso, wokongoza mnzake sanaloledwe kuloŵa m'nyumba ya wokongolayo kukatenga chikole. Anayenera kuima pabwalo, kuti mwininyumba atulutse yekha chikolecho. (Deuteronomo 24:10, 11) Taonani kuti panopa wosaukayo ndiye anali ndi mangaŵa, komabe ulemu wake unatetezeredwa. Nanga bwanji pamene mangaŵawo ali kwa wolemerayo?

Zimenezi sizitanthauza kuti kufufuza kulikonse nkoipa. Mtumwi Paulo anapereka ziyeneretso za akazi amasiye oyenera chithandizo cha mpingo. (1 Timoteo 5:9, 10) Koma iye anatchula msinkhu wawo ndi ntchito zawo zabwino, osati chiŵerengero cha mbale zawo.

Potsirizira pake, mu 1832, boma la United States linavomereza kupereka penshoni popanda kufuna umboni wa umphaŵi. Mnyamata amene analoŵa usilikali mu 1776 ali ndi zaka 20 anali tsopano ndi zaka 76, ndipo anzake ochuluka anali kale m'manda.