Kodi Utoto Unganene Bodza?

M'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Lufilya, kumpoto kwa tauni ya Karonga, munali mkulu wina amene anagwira ntchito ya ukatekisiti zaka zambiri. Popeza midzi imene ankayendera inali yotalikirana, bambo wansembe wina, pobwerera kwao atakalamba, anamsiyira njinga ya moto, ija ambiri amaitcha mthuthuthu. Inali ya mtundu wa BSA Bantam, njinga yaing'ono yobiriwira, imene inkapangidwa ku Birmingham, m'dziko la Mangalande, kuyambira 1948 kufikira 1971. Mkuluyo anaikwera mpaka maso ake anayamba chidima, ndipo pamenepo anaiimika m'kanyumba kosungiramo mpunga. Zivomezi zitagwedeza Karonga mu December 2009, chipupa cha kanyumbako chinagwera njingayo, nichipinda thanki ndi madigadi ake. Mkuluyo atamwalira, njinga inatsala m'manja mwa adzukulu ake awiri.

Tsiku lina kunamveka kuti munthu wina wa ku Mzuzu, wokonda njinga zakale, ali wokonzeka kuigula ndi ndalama zabwino. Mdzukulu wamkulu, amene anali ndi ana awiri ofunika kuwalipirira sukulu, anati, "Tigule penti, tipake mwamsanga, iwale ngati yatsopano, wogulayo sadzadziwa kanthu." Koma mng'ono wake anakana, nati, "Iai achimwene, tisaikhudze konse. Zipsera zonsezi ndi mbiri ya agogo. Kuzipaka utoto ndi kunama." Anthu awiriwa anakangana masabata angapo, ndipo mkangano wao uli ndi funso loyenera kuti mkristu aliyense aliganizire: kodi kupaka utoto watsopano pa chinthu chakale ndi bodza? Ngati si bodza nthawi zonse, nanga bodzalo limayambira pati?

Ntchito ya utoto

Poyamba kuyenera kuzindikira chimene utoto umachita. Chitsulo chikakhala poyera, chinyezi ndi mpweya zimachidya pang'ono pang'ono, ndipo chimene chimatsala ndi dzimbiri. Kuno kunyanja, kumene kumatentha ndi kugwa mvula yambiri, dzimbiri limafulumira koposa. Utoto ndiwo chovala cha chitsulo: umachitchinjiriza kuti madzi asachifike. Amisiri a ku Birmingham sanapake njingayo utoto wobiriwira chifukwa cha kunyada kokha ai. Anafuna kuti ikhalitse.

Chifukwa chake mdzukulu wamng'ono uja analakwa pang'ono, ngakhale mtima wake unali wabwino. Iye anayesa kuti dzimbiri ndi chikumbutso. Koma dzimbiri silikumbuka munthu, limangodya. Akadaisiya njingayo monga inaliri, patapita zaka zowerengeka thanki ikadabooka, masipoko akadathothoka, ndipo chikumbutso cha agogo chikadasanduka mulu wa zitsulo zofiira. Kulemekeza makolo si kusiya zao kuti ziwole. Munthu amene alambula pamanda pa bambo wake sanama, aonetsa chikondi.

Ndiponso kukongola pa iko kokha si tchimo. Mulungu amene anaveka maluwa a kuthengo ndi nsomba za m'nyanja mitundu yosawerengeka sangadane ndi utoto. Eklezia Woyera amapaka matchalitchi ake njereza, amachapa nsalu za paguwa, ndipo amaveka wansembe zovala zokongola pa Misa. Zonsezi sizinyenga munthu, pakuti zimanena zoona: kuti chimene chiri m'katimo ndi cha mtengo wapatali.

M'mene mmisiri woona amagwirira

Tsono kuti munthu aone pamene pagona bodza, ayambe wapenya m'mene mmisiri woona amakonzera njinga yotere. Iye sayamba ndi utoto. Amayamba ndi kumasula: thanki payokha, madigadi paokha, chotchinga tcheni pachokha, chishalo pachokha. Thanki amaikhuthula ndi kuitsuka kawiri katatu, pakuti nthunzi ya petulo yotsalira m'kati ingaphulike ikakomana ndi moto. Kenaka amapala utoto wakale ndi sandipepa, kuyambira wokhakhala kufikira wosalala, mpaka chitsulo chenicheni chioneke. Imeneyi ndiyo nthawi yochititsa manyazi, chifukwa zonse zimene utoto unabisa zimatulukira poyera: apa panadyeka, apa panabooka, apo wina anamatapo kale mobisa.

Pamene papindikira m'kati amawongolapo ndi nyundo, pang'ono pang'ono. Pamene pabooka amawotchererapo chitsulo china. Pamene pali dzimbiri amakwechapo kufikira litatheratu, osasiya ndi kadontho komwe. Atatha zonsezo amapukuta chitsulo kuti pasakhale mafuta, pakuti ngakhale thukuta la chala limaletsa utoto kugwira. Pamenepo amapaka utoto woyamba, wosakongola konse, umene ntchito yake ndi kumamatira ku chitsulo ndi kukaniza dzimbiri. Timaenje totsalira amatidzaza ndi phala lija amisiri amalitcha fila, mopyapyala, nasalazanso. Potsiriza penipeni ndipo pamabwera utoto wa maonekedwe, kawiri kapena katatu, uliwonse wopyapyala, uliwonse wodikira kuti unzake uume. Mmisiri wanzeru amasankha m'mawa wopanda mphepo, chifukwa mwera ukautsa fumbi ntchito ya sabata yathunthu imaonongeka.

Apa pali chinthu chofunika kuchisunga. Mwa masiku onse a ntchitoyi, ochuluka amathera pa zinthu zimene wogula sadzaziona. Utoto wowala uja ndi ntchito ya tsiku lomaliza. Koma munthu waulesi amatembenuza dongosolo: amayamba ndi chomaliza. Amapaka pamwamba pa dzimbiri, amadzaza fila wochindikala m'malo mwa kuwongola, ndipo njinga yake imawala tsiku lomwelo monga ya mnzake. Pa msika palibe angazisiyanitse. Koma dzimbiri lokwiriridwa silifa. Limadya mobisika, ndipo dzinja likadutsa utoto umatuluka matuza, nusweka. Makolo anachiona kale chimenechi pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamene bodza liyambira

Njinga ziwirizi zapakidwa utoto umodzimodzi, wa m'chitini chimodzi. Koma ina ikunena zoona, ina ikunama. Choncho bodza siliri m'chitini. Liri mu mtima wa wopakayo, ndi m'zimene iye afuna kuti mnzake akhulupirire. Munthu anganame ndi pakamwa, anganamenso ndi manja. Lamulo lachisanu ndi chitatu limaletsa zonse ziwiri. Ndipo ngati bodza la manjalo limpezetsa ndalama zimene sakadapeza wogula akadadziwa zoona, walakwiranso lamulo lachisanu ndi chiwiri, pakuti watenga za mwini.

Thomas Woyera wa ku Aquino, amene anamwalira mu 1274, anafufuza funso lomweli m'buku lake lalikulu la Summa Theologiae, kuti kodi wogulitsa ayenera kuulula chilema cha malonda ake. Iye anasiyanitsa zilema ziwiri. China ndi choonekera, monga kavalo wa diso limodzi: wogula ali nao maso, ndipo wogulitsa sakakamizidwa kulalika chilemacho, malinga atsitse mtengo moyenera. China ndi chobisika, chimene chingabweretse ngozi kapena kutaya chuma kwa wogula, monga kavalo wotsimphina wogulitsidwa ngati waliwiro, kapena nyumba yofuna kugwa yogulitsidwa ngati yolimba: chimenecho ayenera kuchiulula, ndipo akapanda kutero malondawo ndi achinyengo, ayenera kubweza zimene mnzake wataya. Tsono utoto uli ndi mphamvu yoopsa imeneyi, yakuti umasandutsa chilema choonekera kukhala chobisika. Amene aupaka wachotsa umboni umene maso a wogula akadaona. Chifukwa chake udindo wonena zoona wagwera pa lilime lake.

Pa njinga ya adzukulu aja funsoli silinali la m'mabuku chabe. Mmisiri wa pa Karonga amene anapita nayo kwa iye, atapala utoto wa pa felemu, anapeza mng'alu waung'ono pafupi ndi khosi la njinga, pamene pamalowa mahandulo. Mng'alu wotere fila angaubise m'kanthawi kochepa, koma fila sanyamula munthu. Pa mtsetse wa Chiweta, kapena pa msewu wokhotakhota wokwera ku Chitipa, felemu yotere ingathyoke, ndipo wokwerayo sangabwerere kwa ana ake. Bodza limene linayamba ngati nkhani ya maonekedwe lingathere pa lamulo lachisanu.

Kodi idzakhalabe ya agogo?

Mdzukulu wamng'ono anali ndi nkhawa inanso, ndipo si yachibwana. Iye anati: utoto ukachoka, chishalo chikasinthidwa, madigadi akakhala ena, kodi imeneyi idzakhalabe njinga ya agogo? Anthu anzeru a ku Girisi anatsutsana pa nkhani yofanana nayo. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga chombo cha Theseus mibadwo yambiri, akumachotsa matabwa ovunda ndi kuikapo atsopano, mpaka ena anati ndi chombo chomwecho, ena nati ndi china. Asodzi a ku Ngara ndi ku Kaporo, amene amamata mabwato ao chaka ndi chaka, angalimve bwino funsoli.

Njinga ya moto iri ndi yankho lake. Pa felemu ndi pa injini pali nambala zimene anazikhoma m'chitsulo momwe pa tsiku limene inapangidwa. Utoto ungasinthe kakhumi, koma nambalazo zimatsala, ndipo ndizo zimanena kuti njinga ndi iti. Mmisiri wokhulupirika amazisamala kuti ziwerengeke. Mbala ndiyo imazifafaniza. Akatekisiti adzakumbukira pano zimene amaphunzitsa za Ubatizo, kuti umasindikiza pa mzimu chizindikiro chosafafanizika. Mkristu angachite dzimbiri zaka makumi atatu, angagwe, angapindike. Koma chizindikirocho chiripo, ndipo Mwini wake amachiwerenga. Ndicho chifukwa chake Eklezia sabatiza munthu kawiri. Amamkonza, pakuti akali yemwe uja.

Phunziro kwa mkristu

Kukonzako kumatsata dongosolo la mmisiri woona. M'Sakramenti la Kulapa munthu amayamba ndi kufufuza mtima wake, ndiko kumasula. Amamva chisoni ndi kuulula machimo ake onse akulu, ndiko kupala kufikira pa chitsulo. Amatsimikiza kuleka ndi kubweza zimene anaononga, ndiko kuwongola ndi kuwotcherera. Ndipo chaulere cha Mulungu chimamveka chovala chatsopano. Amene abisa dala tchimo lalikulu pamaso pa wansembe wapaka utoto pamwamba pa dzimbiri. Adzatuluka m'tchalitchi akuwala monga anzake, koma matuza adzaoneka pa nthawi yake. M'mutu 23 wa Mthenga wa Mateyo Woyera, Ambuye anadzudzula Afarisi powafanizira ndi manda opaka njereza. Chimene anadana nacho si njerezayo. Anadana ndi kuti kuyera kwa kunja kunakhala chophimba cha chivundi.

Komatu wina asapitirire muyeso, nkuyesa kuti choonadi chimafuna kuti munthu aziyanika zolakwa zake, kapena za anzake, pa bwalo. Mmisiri amapala chitsulo m'nyumba yake ya ntchito, ndipo akachiritsa balalo amaliphimba. Kuphimba chimene chachira ndi chifundo. Kubisa chimene chikali kudya ndi chinyengo. Wansembe amasunga chinsinsi cha kulapa kufikira imfa, ndipo mkristu amene anagwa nalapa ali nao ufulu woyenda pakati pa anzake popanda wina womloza chala. Katekisiti azisamale zonse ziwiri: asafukule zipsera za anthu amene Mulungu anawakhululukira, ndiponso asalembere bambo mfumu kalata yonena kuti limana lake liri bwino pamene mabanja akupasuka ndipo ana aleka kubwera ku katekisimu. Kalata yotere ndi fila pa mng'alu.

Adzukulu aja anamvana potsiriza, ngakhale panali mtengo wake. Anawotcheretsa felemu kwa mmisiri wodziwa, nalipira ndalama zimene sanaziyembekeze. Thanki ndi madigadi anazipaka utoto wobiriwira wofanana ndi wakale. Wogula atafika, wamkulu uja ndiye anayankhula, nati, "Bambo, utotowu ndi wa chaka chino, si wa ku Birmingham ai. Ndipo apa pakhosi panali mng'alu. Tawotcherera, koma muyambe mwaona nokha." Munthuyo anagwada, napenya, nachotsako gawo la mtengo umene analonjeza, ndipo mwana mmodzi anadikira ndalama za mpunga kuti abwerere ku sukulu. Malo amodzi okha sanawapake: pa kaliyala, pamene chingwe chomangira bokosi la mabuku a katekisimu chinapekesa chitsulo zaka zonse zija. Pamenepo panalibe dzimbiri. Anangopukutapo ndi mafuta, nauza wogulayo chimene chinachititsa.