Kapini kotsala m'chitini cha amakaniko



Makaniko aliyense wa njinga zamoto pa Ntaja ali ndi chitini chake cha manati, mabawuti ndi mawashala. Zambiri anazichotsa pa njinga zakufa zomwe anagula yekha, pamenepo palibe mlandu. Koma zina zinalowamo motere: munthu wabweretsa Lifo yake yakalekale, yaphwasulidwa, yamangidwanso, yalira bwinobwino, kenako pa thumba lomwe anayalapo zitsulo pakuoneka kapini kamodzi kotsala. Mwini njinga sanakaone. Kodi auzidwe?

Anzanga ena amati ngati ikuyenda ndiye kuti kanali kosafunika. Ine ayi. Taganizani za kapini ka miyendo iwiri kaja kamene kamalowa pa nati ya tayala lakumbuyo. Sikaliza injini, sikazunguza tayala. Ntchito yake ndi kugwira nati kuti isamasuke njinga ikamadumpha m'mabampu, basi. Popanda iko lero iyenda, mawa iyenda. Kusowa kwake kudzadziwika tsiku limene wakabaza wakweza mayi wapakati, akuthamangira ku chipatala ku Liwonde.

Ku madrassah amaana tinkaimva ngati nkhani ya ndalama zosungitsa. Tinaphunzira kuti pa Hijrah, m'chaka cha 622, Mtumiki (SAW) anasiya Ali (RA) ku Makkah kuti abweze katundu yemwe anthu anamusungitsa, pomwe ambiri mumzindawo ankakana uthenga wake. Njinga yosiyidwa kwa amakaniko ndi chosungitsanso, mpaka kawashala komwe. Komabe mtengo wa kapini ndi wochepa, mwini wake akhoza kungoti tengani. Cholemera ndi chomwe makaniko akudziwa pomwe mwini njinga sakudziwa.

Mu Sahih Muslim muli nkhani ya wogulitsa chakudya pamsika. Mtumiki (SAW) anapisa dzanja mumulu wake, napeza kuti mkati ndi monyowa. Wogulitsayo anati ndi mvula. Anafunsidwa chifukwa chomwe sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo zimenezo zinatchedwa chinyengo. Taonani, bamboyo sananame ndi pakamwa, anangosanja mulu mwanzeru. Makaniko woponya kapini m'chitini n'kunena kuti "yatheka bwana, ilizeni mumve" sananamenso. Wangosanja mulu.

Nanga amabisiranji? Apa ndiye tikulowapo ife makasitomala. Mnyamata akanena zoona kuti "achimwene, aka katsala, sindinadziwe pomwe kamakhala," timamuseka kuti ndi wophunzira kumene, timadula ndalama yomwe tinagwirizana, mawa tapita kwa mnzake wapafupi yemwe zake sizitsala. Zimatsala ndithu, kungoti iye amafulumira kupinda thumba. Ndiye mnyamata uja, amene kunyumba akudikira ndalama ya ufa, waphunzira chiyani kwa ife amene timaima naye safu imodzi pa Jumu'ah? Sindikumuchotsera mlandu akabisa, koma gawo lina la mlanduwo ndi lathu.

Chikhalirecho kupeza malo a kachitsulo kotsala si ntchito yovuta. Pa siteji pamaima njinga za mtundu womwewo zambirimbiri, kungogwada pambali pa ina n'kufananiza mbali ndi mbali. Foni yomwe tikuwerengera izi imajambulanso, ndiye ajambule asanamasule. Zikakanika, njinga iphwasulidwenso, mwini wake adikire ola lina pabenchi, ndipo pochoka alipire yonse yomwe anagwirizana.