Manyenje a hatchi ndi mutu wa mwana

Loweruka lapitali mayi wina anabwera ku saluni kwanga kuno ku Mzuzu ndi kamtsikana ka zaka zinayi. Mawa lake kunali ukwati, kamwanako kanali pa mzere wa omwaza maluwa. Nditangoluka mizere itatu, kanayamba kulira, kulira kwenikweni kogwira m'khosi. Mayi ake anangoti, "Pitirizani asisi, akadziona pa galasi asangalala." Manja anga anaima. Mwadzidzidzi ndinapezeka ndili ku Chelinda, ndili ndi zaka 12, zala zitauma ndi chisanu.

Anthu sakhulupirira ndikawauza kuti kuluka ndinaphunzirira pa hatchi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ku Nyika kunali mahatchi onyamula alendo okaona nyama, ndipo asibweni anga, inu akumwera mumati amalume, anali mmodzi wa owasamalira. Holide ina ya mu Ogasiti ananditenga. Mlendo wina anali atawaonetsa mmene amalukira manyenje kwawo, hatchi ikamapita ku chionetsero, ndiye iwo anandiphunzitsa ine. Umanyowetsa manyenjewo, kuwapesa, kuwagawa timagawo tofanana, kuluka kolimba kuchokera pakhungu penipeni, kenako kupinda chingwecho kukhala kampira n'kusoka ndi singano ndi ulusi. Khosi lonse limaoneka ngati lasokereredwa mabatani. Alendo akaona ankajambula osatopa.

Ndinkanyadira, sindinama. Koma tsiku lina ndinapeza hatchi yomwe ndinailuka ikukhuza khosi pa mtengo wa khola mpaka ubweya kuthothoka. Asibweni anamasula msangamsanga. "Izi sizigona, muphwa wanga," anatero. "Manyenje ndi ambulera yake, ndi chothamangitsira ntchentche. Ife tabwereka kwa maola ochepa chabe."

Kubwereka. Mawu amenewa andivuta zaka zonsezi, chifukwa wobwereka amayamba wapempha. Hatchi sitinaipemphe. Ndipo kuseri kwa khola komweko kunkadutsa mbidzi, manyenje ake ali njoo, osapesedwa chibadwire, koma palibe mlendo ananenapo kuti zasowa chinachake.

Ndiye funso langa ndi ili: kodi n'koyenera kukongoletsa chamoyo chomwe sichingakane, pofuna kusangalatsa maso a ena?

Yankho lophweka ndi lakuti ayi, koma silindikhutiritsa. Ndinaona ndi maso anga hatchi zikuwodzera asibweni akuzipesa, mlomo wam'munsi uli lendee. Popesapo ndi pomwe ankapezera nkhupakupa ndi tizilonda tobisika. Dzanja lokongoletsa ndi lomwelo losamalira, ndipo sindidziwa pomwe china chimathera kuti chinzake chiyambe. Nanenso amayi ankandipana pakati pa maondo awo Loweruka lililonse, ndikulira, komabe lero palibe chomwe ndimachisowa kuposa maondo amenewo.

Chomwe chimandiwawa ndi china. Chelinda yenseyo ndi khosi lolukidwa. Mitengo ya paini ija, yoima m'mizere pakati pa udzu wopanda malire, si yachilengedwe, inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950 nthawi ya atsamunda. Pamene paki ya Nyika inkakulitsidwa mu 1978, midzi inasamutsidwa, anthu anasiya minda ndi manda a makolo awo. Lero timakwera kudzera pa geti la Thazima, n'kuima pamwamba pa mamita oposa 2,000, n'kumati, "Koma ndiye kukongola, kopanda ndi munthu yemwe!" Inenso selfie ndinajambula, ili pa Facebook. Sindikuti paki ndi yoipa. Popanda iyo mwina mbidzi zija bwenzi kulibe. Ndikungoti kukongola kumene kumatifika m'maso nthawi zambiri kumakhala kuti wina wakumvera kuwawa pakhungu, ndipo si iye amene amafunsidwa.

Kusiyana kwake n'kwakuti manyenje madzulo ankamasulidwa. Zina sizimasuka.

Tibwerere ku saluni. Ndalama ija ndinkaifuna, lendi ikuyandikira, ndipo mayi uja si munthu woipa, ankangofuna mwana wake asachite manyazi pagulu. Ndinagwada n'kufunsa kamwanako komwe kakumva kuwawa. Kanaloza pamwamba pa khutu. Ndinamasula mizere itatu ija, n'kuluka ina ikuluikulu isanu ndi umodzi, yofewa, yoti sitha sabata. Mayi ake anayang'ana, nkhope ili gwaa, n'kundipatsa theka la ndalama tinagwirizana. Sindikudziwa ngati adzabwerenso. Kamwanako kanagona ndisanamalize mzere womaliza, mutu uli pa bondo langa.