Mawu a akulu akoma akagonera

Mwambiwu umati nzeru za akulu timazimvetsa patapita nthawi. Nanga zigonera kuti ngati palibe wozisunga? Mwachitsanzo, kalabu ya Rotary inayamba ku Chicago mu 1905, ndipo dzina la woiyambitsa, Paul Harris, tikulidziwa chifukwa wina ankalemba. Kuno ku Lusaka a Rotary ndi a Lions amakumbitsa mijigo, amapereka mabuku kusukulu, amayezetsa anthu maso, koma mwambo wopereka thandizo ukatha zithunzi zimatsalira mufoni ya mlembi. Akuluakulu opuma ntchito ku Chelstone angakuuzeni amene anasonkha ndalama zoyamba, ngakhalenso mkangano umene unabuka posankha malo a mjigo, zomwe pachikwangwani salemba. Achinyamata a makalabuwa akawafunse adakali moyo, alembe, kope lina akalisiye ku National Archives of Zambia.