Dzina Limene Timapatsa Zamoyo

Mwana wa sukulu pano pa Mulanje Boma akafunsidwa tanthauzo la liwu la Chingerezi lakuti creature, amayankha msanga kuti "nyama", mphunzitsi n'kumuchonga. Yankholo silolakwa, koma lataya kanthu panjira. Liwuli Angerezi analibwereka kwa Afalansa, amenenso analitenga ku Chilatini, ku mneni wakuti creare, ndiye kuti kulenga. Kale linkatanthauza chilichonse chochokera m'manja mwa Mlengi: munthu, njoka, mtengo, ngakhale mwala. Popita zaka linafota, nilitsalira makamaka pa nyama ndi zilombo, kotero kuti lero munthu amatchedwa motero pomumvera chisoni kapena pomunyoza.

Ifenso liwu lotere tili nalo, ndilo cholengedwa. Koma tiyeni tivomere kuti timalisiya m'tchalitchi pamodzi ndi buku la nyimbo. Tikatuluka panja timati nyama, ndipo nyama pa Chichewa ndi gwape wothamanga m'thengo, ndiponso ndiwo yobwata mumphika. Liwu limodzi lokha! Gwape akali kupuma, lilime lathu lamusenda kale. Chimene sitidya timachitcha chilombo, ndipo chilombo sachizengera mlandu. Chake ndi chibonga basi. Cholengedwa chokha ndicho chimatikakamiza kufunsa kuti, mwini wake ndani? Ndipo liwuli silitipatula, pakuti nafenso tili momwemo.

Taonani nanzikambe. Makolo anatiuza kuti iye anachedwa ndi uthenga wa moyo, imfa niyamba kufika kwa anthu. N'chifukwa chake ana amamugenda, ena kumuthira fodya m'kamwa, akulu ali kuseka. Chonsecho m'nkhalango za phiri lathuli muli mtundu wa nanzikambe umene supezeka kwina kulikonse padziko lapansi. M'chaka cha 2006 akatswiri a zamoyo, pofuna kuupatsa dzina latsopano, anabwereka lathu lomweli nautcha Nadzikambia mlanjensis. Alendo alemekeza kanthu kamene eni nthaka timakalavulira.

Nkhani ya mkungudza ndiyo yowawa koposa. Mtengowu, umene mwachibadwa umamera pa Mulanje pokha, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984. Pofika 2017 owerenga mitengo anapezamo ikuluikulu 7 yokha. Unali usanagwe pamene tinayamba kuutcha matabwa, ndipo macheka anangotsiriza zimene pakamwa panayamba. Sitikunyoza mnyamata amene amatsika ndi thabwa pamutu kuchokera ku Chambe, mapazi atang'ambika. Njala ilibe manyazi, ndipo phindu lalikulu silikhala lake. Funso likugwera ife ogula, amene timakonda fungo la mkungudza pa chitseko ndi pa kabokosi kosungiramo mikanda.

Wina adzati mawu ndi mphepo, sadula mtengo. Komatu m'nthano timati a Kalulu, a Fisi, a Njobvu, ndipo mwana womva ulemu umenewu madzulo sathamangira legeni m'mawa mosaganiza.

Mu March 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phirimu, anthu a kuno ndi a ku Phalombe anakumba masiku ambiri kufunafuna abale awo. Makasu awo ankatulutsa zonse pamodzi: mbuzi, mizu ya mitengo, nkhuku, ndi anthu amene tinkawadziwa maina.