Kodi Nkhani Yopeka Iri Bodza?

Boma la Rufunsa liri pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Kale linali mbali ya Chongwe, ndipo linapatulidwa m'masiku a Pulezidenti Michael Sata. Ndilo dziko la mafumu atatu, a Mpanshya, a Bunda Bunda ndi a Shikabeta, dziko la mapiri ndi la midzi yotalikirana. Mseu umenewo, wopitira pa akasupe otentha a Chinyunyu kufikira ku ulalo wa Luangwa, ubwera nazo zinthu zambiri, feteleza, mcere, zobvala za salaula, ndi mabuku omwe. Mwana wa sukulu amene anakaceza kwa abale ace ku Lusaka abwerako ndi buku lothothoka cikuto, ndipo bukulo liyenda m'manja mwa anzace kufikira masamba ace atha. Masiku ano nkhani zambiri zotere ziwerengedwa pa foni, usiku, anthu onse atagona.

Nkhani zimene anyamata ndi atsikana azikonda koposa ziri za mitundu itatu. Zoyamba ndizo za cikondi, monga zija za Mills and Boon, nyumba yosindikiza mabuku imene inayamba ku London mu 1908, kapena za Pacesetters, zolembedwa ndi anthu a mu Afrika kuyambira mu 1977. Zaciwiri ndizo za maiko osapezeka pa mapu, za zinjoka zouluka ndi za ana ophunzira matsenga, monga Harry Potter, amene buku lace loyamba linaturuka mu 1997. Zacitatu ndizo za mizukwa ndi za akumwa mwazi, monga Twilight, la 2005, m'mene mtsikana akondana ndi mnyamata wosafa wa mtundu umenewo.

Maganizo a anthu pa mabuku awa alekana kwambiri, ndipo mbali zonse ziri ndi anthu anzeru ndi a mtima wabwino. Akuru ena a mpingo ati Mkristu sayenera kudyetsa mtima wace zinthu zimene sizinacitike, pakuti conama ciri conama cingakhale calembedwa bwino. Za matsenga ndi mizukwa aziopa koposa, nakumbutsa anthu za mfumu Sauli, amene anapita usiku kwa mkazi woombeza wa ku Endori, nafera ku nkhondo posacedwa. Amai ambiri saopa mzukwa wa m'buku monga aopera mnyamata wa m'buku. Iwo ati mtsikana wozolowera kuwerenga za mwamuna wacuma wodza ndi galimoto adzayamba kuyang'ana ku mseu, kumene magalimoto akuru aima usiku, ndipo sukulu idzamtopetsa.

Aphunzitsi ena ayankha kuti mwana amene atsiriza buku la masamba mazana atatu mwa kufuna kwace waphunzira mau ambiri a Cingelezi popanda kumkakamiza, ndi kuti bvuto la sukulu za kumidzi ndilo kusowa kwa mabuku. Owerenga eni ace ati tsiku lonse alima, atunga madzi, asinja, ndipo buku liwapumitsa pang'ono. Ati adziwa bwino kuti zonsezo nzopeka.

Wowerenga ayerekeze nyumba yina ya kufupi ndi Chinyunyu, m'mene nkhalamba ipeza mdzukulu wace alikuseka yekha pa nyale.

"Iwe mwana, cimene ulikuseka m'bukumo nciani?"

"Ndi nkhani cabe, ambuya."

"Kodi zinacitikadi?"

"Iai, ambuya, wina anangopeka."

"Tsono uonongeranji maso ako pa bodza?"

"Ambuya, nanga Kalulu uja munkatisimbira, kodi analankhuladi?"

Funso la mwanayo lifika pa tsinde pa mlandu. Bodza ndilo kunena cinthu cimene munthu adziwa kuti si coona, ndi colinga cakuti womvayo aciyese coona. Pakasowa colinga cimeneco palibe bodza. Wosimba nthano ayamba ndi mau odziwika, "Padangokhala," ndipo ana abvomera, "Tiri tonse". Ndi mau amenewo wonena ndi akumva apangana poyera kuti zirinkudzazo nzopeka. Palibe mwana anapita ku thengo m'mawa mwace kukafunsa Kalulu cifukwa cace anakana kukumba citsime pamodzi ndi nyama zinzace. Koma mwana ali yense anamva kuti wokana nchito ya mudzi sayenera kumwa madzi ace.

Buku Lopatulika lomwe siliopa nkhani yopeka. Yotamu anasimbira anthu a ku Sekemu za mitengo imene inafuna kudzilongera mfumu, ndipo mitengo yobala zipatso itakana, mtengo wa minga unabvomera; panalibe womva amene anayesa kuti mitengo ilankhula, koma onse anazindikira kuti anena za Abimeleki. Mneneri Natani, pofuna kutsutsa mfumu Davide pa mlandu wa mkazi wa Uriya, anamsimbira za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, ndipo Davide ataweruza munthuyo mwaukali, Natani anaulula pomwepo kuti wadziweruza yekha. John Bunyan anaturutsa mu 1678 nkhani ya ulendo wa Mkristu, yodzala ndi zimphona ndi zirombo, ndipo mipingo yaimasulira m'zinenero zambiri za mu Afrika. Ku Nkhoma, mu 1933, kunasindikizidwa Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara. Nthondo sanabadwe mwa mkazi ali yense, koma owerenga anamzindikira m'midzi mwao, pakuti anamuonapo kale munthu wotero. Cotero mlandu woyamba wagwa: nkhani yobvomera kuti iri yopeka siinamiza munthu.

Nanga za mizukwa ndi zozizwitsa? Izi siziri zacilendo kwa anthu olankhula Cinyanja. M'buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, mbalame iimba niulula munthu amene anapha mbale wace, ndipo ana a sukulu aliwerenga zaka zambiri osapenga nalo. Cimene atengamo ndico cakuti mwazi wa mbale subisika. Julius Chongo anasimba nthano zace pa wailesi ya Zambia, mu Poceza m'Madzulo, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo mabanja anasonkhana kumva za nyama zolankhula ndi zinthu zodabwitsa, naseka, nakagona mu mtendere.

Koma pali mtundu wina wa nkhani ya zozizwitsa umene wakhetsa mwazi weni-weni m'maiko ano, ndipo umenewo suyamba ndi "Padangokhala", uyamba ndi mau akuti, "Mwamva kodi?" M'zaka za m'ma 1930 inabuka mbiri m'Northern Rhodesia yakuti kuli anthu, banyama, ogwira anzao kuti awatenge mwazi. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesi ya ku Lusaka, analemba m'buku lace Wayaleshi, la 1959, kuti m'masiku a mkangano wa Citaganya, cimene cinayamba mu 1953, oulutsa mau a ciAfrika anaganiziridwa kuti ndiwo banyama, naopsezedwa. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inayenda ku Mulanje ndi ku Phalombe m'Malawi, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi makamu. Mu 2020 mbiri ya anthu othira mpweya wa ululu m'nyumba inacokera ku Copperbelt nifika ku Lusaka ndi ku zigawo zina, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa pa kuganiziridwa kokha, mlandu wao wosaweruzidwa. Akale anati, kandimverere anakanena za m'maluwa. Lamulo la za ufiti la dziko lino, locokera mu 1914, liletsa kuloza munthu cala kuti ndi mfiti, ndipo nkhalamba zambiri zokhala zokha zidziwa cifukwa cace lamulolo lifunika.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi nkwakukuru. Wakumwa mwazi wa m'buku ali ndi dzina la kutali, akhala m'dziko la kutali, ndipo buku likatsekedwa iye atsekeredwa momwemo. Wakumwa mwazi wa m'mphekesera ali ndi nkhope ya mlendo wotsika basi, kapena ya namwino wodza ndi jekeseni, kapena ya mkazi wamasiye wa kuseri kwa mudzi. Mkuru wa mpingo amene alanda buku m'manja mwa mwana, koma akhala cete pamene mbiri yotere iyenda pakati pa akristu ace, walondera khomo limene mbala siidzera.

Komatu akuru aja sanalakwe m'zonse. Nkhani yosanamiza ikhoza kuononga mwa njira yina, ndiyo kuzoloweretsa mtima. Liripo buku limene likometsera nkhanza, kapena lionetsa kuti mphamvu yogonjetsa ena ndiyo cinthu cofunika koposa, kapena lisiya wowerenga alikuyang'ana agogo a mnzace ndi diso lokaika. Buku lotero nloipa, pangakhale palibe mzukwa m'menemo. Liriponso lina, lodzala ndi matsenga, limene lionetsa mwana wamasiye wosankha kufera abwenzi ace. Muyeso wace wa buku ndiwo umene litsalira nao mtima wa wowerenga pa anthu amene akhala nao.

Muyeso womwewo uyenera nkhani za cikondi. Cikondi ca mwamuna ndi mkazi si cinthu cocititsa manyazi kucilemba. Yakobo anatumikira Labani zaka zisanu ndi ziwiri cifukwa ca Rakele, nabwereza zina zisanu ndi ziwiri. Rute ndi Boazi anakomana m'munda wa barele. Ndipo Nyimbo ya Solomo iri m'manja mwa Mkristu ali yense. Mabuku a cikondi ali naco cokoma cimodzi cimene akuwatsutsa saciona kawiri-kawiri: m'menemo mtsikana afunsidwa, ndipo kukana kwace kumveka. M'dziko limene kunafunika lamulo la 2023 loletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ungakhale wa mwambo, si cinthu cacabe kuti mtsikana awerenge kuti mtima wace uli ndi mau pa mlandu wa moyo wace.

Colakwa ca mabuku ambiri otere ciri pamene alekezera, pakuti atha pa tsiku la ukwati, pamene banja liyambira. Sanena za caka cokana mvula, monga 2024, pamene cimanga cinapserera m'minda ndipo boma linalengeza tsoka la dziko lonse. Sanena za mwana wotentha thupi pakati pa usiku, ndi mtunda wautali wonka ku cipatala ca Mpanshya, ndi mwamuna amene amangirira mkazi ndi mwana pa njinga osadandaula. Ena aonetsa mwamuna wansanje ndi waukali monga wokonda kwambiri, ndipo apa amai aja ali ndi cifukwa ca kuopa, pakuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mtsikana wowerenga zotere sasowa munthu womlanda buku. Asowa munthu wamkuru womuuza zimene bukulo lasiya.

Pamenepo ndipo paoneka kusiyana kweni-kweni kwa nthano za kale ndi mabuku a lero. Zonse ziwiri nzopeka, zonse ziri ndi zirombo ndi zozizwitsa ndi zikwati. Koma nthano inasimbidwa pa moto, anthu ali pamodzi. Mwana akacita mantha, anatsamira pa mwendo wa ambuya ace. Akamva molakwa, mkuru anamkonza pomwepo. Akakondwera ndi kucenjera kwa Kalulu koposa muyeso, wina anamkumbutsa kuti Kamba anamgwira. Mau aja akuti "Tiri tonse" anali oona. Wowerenga wa lero ali yekha ndi foni yace, ndipo cimene wamva, cabwino kapena coipa, agona naco osacionetsa munthu. Kuletsa buku kuonjeza kubisa kumeneko, pakuti buku loletsedwa liwerengedwa ndithu, koma m'tseri.

Cifukwa cace kholo kapena mphunzitsi kapena mkuru wa mpingo wofuna kusunga ana acita bwino kufunsa mafunso awiri. Loyamba, kodi nkhani iyi ibvomera kuti iri yopeka, kapena ifuna kuti munthu aikhulupirire ndi kutenga mwala? Laciwiri, kodi woimvayo aturukamo wacifundo koposa, kapena wouma mtima koposa, pa anthu a m'mudzi mwace? Mafunso amenewa sayankhidwa ndi munthu amene sanamve nkhaniyo. Afuna kuti wamkuru akhale pansi, amvere, ngakhale nkhaniyo imtopetse.

Nkhalamba ija ya ku Chinyunyu siidziwa Cingelezi, ndipo mwina siinawerengepo buku. Koma idziwa za cikondi, za ukwati ndi za mantha a usiku zambiri zoposa wolemba bukulo. Ikacita mwanzeru idzati, "Bwera nalo kuno ku moto, mdzukulu wanga, undimasulire m'Cinyanja." Ndipo mwanayo atasimba za mnyamata wokongola amene alondola mtsikana pali ponse, namletsa kuceza ndi anzace cifukwa ca kumkonda, ambuya adzamfunsa ngati iye mwini angakonde kukhala ndi munthu wotero zaka makumi anai.