Kodi Wosoŵa Kwawo Angadzitche Nzika ya Dziko Lonse?

DIOGENES, wanthanthi wachigiriki amene anamwalira cha mu 323 B.C.E., anapitikitsidwa kwawo ku Sinope pamlandu wa kuwononga ndalama zachitsulo. Ku Athens, kumene mlendo kaŵirikaŵiri sanali kuloledwa kugula munda, iye anali kugona mumtsuko waukulu. Atafunsidwa za kwawo, akuti anadzitcha nzika ya dziko lonse lapansi.

Kodi yankho limenelo lingatonthoze aliyense wosoŵa kwawo? Talingalirani za ana a Amalaŵi amene anakagwira ntchito mumgodi wa golidi ndi m'mafamu a ku Shamva, mu Zimbabwe. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ambiri obadwira konko kuŵerengedwa monga alendo, kufikira pamene malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anawatsegulira njira.

Diogenes sanalere mwana wakewake, ndipo akuti anafuna kuti mtembo wake udzangotayidwa kuthengo. Nchifukwa chake kusoŵa kwawo kunampepukira. Komabe, wantchito wa pafamu anali ndi mwana wofunikira chikalata cha kubadwa kuti alembe mayeso, ndiponso manda a atate wake anali pamunda wa munthu wina.